Ndege Yamanyazi ndi Mbewu ya Mumtsuko

Tsikulo kunayamba kutentha dzuwa lisanakwere n'komwe. Unali mwezi wa Okutobala, chaka china chimene nyanja ya Chilwa inathawira kutali, mabwato n'kutsala pamtunda atagona chammbali ngati ng'ombe zotopa. Kumwamba kunalibe mtambo, pansi kunalibe mphepo. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango osapumira, kuseri kwa nyumba ina mayi ankasinja, ndipo chapatali ng'ombe zinkalira m'mabango ouma. Ndimakumbukiranso wailesi ya alamu anga, imene mabatire ake anali atatopa, ikulankhula monong'ona ngati munthu wodya miseche m'tchalitchi.

Mayi akunyumba kwanga anali atamwalira chaka chapitacho. Anandisiyira ana atatu, onse akuluakulu ndipo ali m'matauni, nkhuku zochepa, ndi mtsuko umodzi wa mbewu ya mpunga womata ndi dothi pakamwa pake. Mbewuyi apongozi anga anabwera nayo kuchokera kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, itamangidwa m'kansalu. Njere zake n'zazitali, zowonda, zili ndi kandevu kofiira kunsonga. Mpunga umenewu ukakhala pamoto, anthu odutsa pamsewu amatsika panjinga n'kuyamba kufunsa njira imene akuidziwa kale. Vuto lake n'lakuti subereka kwambiri, n'chifukwa chake ku sikimu ya mpunga ya Likangala palibe ankaulima. Ifenso tinkaudzala m'kamunda kamodzi kokha, kuseri kwa chitsime.

Chaka chilichonse tisanakolole, mayiwo ankalowa m'kamundako ndi kampeni n'kumasankha ngala imodziimodzi, yokhwima bwino, yopanda banga. Ntchitoyi inkawatengera masiku awiri. Ndikawauza kuti akutaya nthawi, ankandiyankha kuti pakamwa pamene ndikudandaulirapo ndi pomwenso ndimadyera. Chaka chimene ankadwala sitinadzale. Choncho zimene zinali mumtsuko zinali ngala zomaliza zimene manja awo anasankha, ndipo zinali zitagona kale nyengo ziwiri. Mbewu ya mpunga sidikira munthu mpaka kalekale. Ikanapanda kudzalidwa chaka chimenecho, ikanafera mumtsuko momwemo, ndipo kunalibe kwina kokaipempha.

Nditamatula mtsukowo ndinapeza tizilombo tiwiri titatu tikuyendayenda pamwamba, ndiye ndinaganiza zoianika padzuwa. Masiku amenewo mudzi wonse unkayanika mpunga pachidikha chimene nyanja inasiya, chifukwa kumeneko nkhuku ndi mbuzi sizifikako. Anthu anali akukolola mpunga wa m'chilimwe ku sikimu, choncho mphasa zinali ndandanda. Yanga ndinaiyala kumapeto kwenikweni, payokha, n'kukhala pansi pa kachisakasa ka njedza kuti ndiziingitsa mpheta. Sindinauze munthu aliyense kuti pamphasapo pali chiyani. Ndine munthu wosakonda kulankhula, ndipo nkhani ya mayiwo inali idakali yolemera pakamwa panga.

Tsopano ndinene za ndege. Kwa milungu ingapo kandege kakang'ono, koyera, ka mzere wobiriwira m'mbali, kankabwera kuchokera chakuphiri la Zomba. Kakafika pamwamba pa chidikha injini yake inkazirala ngati yafa, kenako kankatsika, n'kutsika, n'kutsikabe, mpaka unkatha kuona mitu iwiri m'katimo. Kakatsala pang'ono kugunda pansi, kankabangula n'kukweranso, n'kumapita. Tsiku loyamba amayi anathawa ndi ana kumsana, agalu kulowa m'mabango. Pofika mlungu wachitatu ngakhale akakowa sankadzutsanso mutu.

Amene anakapatsa dzina ndi alamu anga, achimwene awo a malemu. Iwo ndi munthu wa ngolo ndi ng'ombe ziwiri, wolankhula kuyambira m'mawa mpaka pogona, ndipo amakhulupirira kuti palibe chinthu chotitimira m'matope chimene sangachizule. Anati ndegeyo ndi Yamanyazi, chifukwa imachita ngati mwamuna wodzafunsira mbeta amene akafika pakhomo n'kuona bambo wa mtsikana akunola nkhwangwa, amayerekeza kuti amangodutsa. Ikamabwera ankaimirira n'kumaikodola ndi chipewa, akuiuza kuti ilowe, madalawo ndi abwino, saluma.

Tsikulo inafika cha m'ma teni koloko. Injini inazirala monga mwa masiku onse, ine sindinasiye n'komwe kuyang'ana mpheta zanga. Chimene chinandidzutsa mutu n'chakuti kubangula kuja kunachedwa. Nditayang'ana ndinaona matayala akugunda pansi, fumbi koboo. Ndegeyo inanjanja ngati mpira, n'kukwera msinkhu wa munthu, n'kugweranso pansi. Inanjanjanso kachiwiri, phiko limodzi litapendekera ngati ikufuna kutola chinachake. Kachitatu inadumpha pang'ono chabe, ngati chule wokhuta, kenako inayamba kuthamanga pansi molunjika bwinobwino.

Ikanathamangira chakumudzi, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma inalunjika kumalo amene mwana aliyense wa kwathu amawadziwa, pamene madzi a mtsinje amadutsa chapansipansi. Pamwamba pake m'pouma gwa, posweka ming'alu ngati pena paliponse, koma pansi pake ndi phala. Tayala lakutsogolo linaboola n'kulowa, mchira unakwera m'mwamba, ndege n'kuima ngati nkhuku yojompha chimanga. Chifani cha pamphuno pa ndegeyo chinazungulira kawiri katatu n'kusiya. Kunangoti zii. Ngakhale nyenje ndikuganiza kuti zinadukiza kaye.

Amuna onse amene anali pamphasa zawo anathamangira komweko. Ine ndinayenda, chifukwa mawondo anga anasiya kalekale zothamanga, ndipo m'njira ndinkapemphera kuti tisakapeze magazi. Mulungu anamva. M'ndegemo munatuluka anthu awiri amoyo, opanda bala. Woyamba anali bambo wa imvi, wa mimba yake ndithu. Wachiwiri anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga womaliza, atavala malaya oyera. Mtsikanayo anazungulira ndege kamodzi, n'kukhala pansi pafumbi, manja kumutu.

Bambowo anatipatsa moni aliyense payekhapayekha, ngati afika pa chinkhoswe. Anatifotokozera kuti iwo ndi mphunzitsi wa oyendetsa ndege, ndipo mtsikanayo ndi wophunzira wawo. Anati zimene takhala tikuona ndi phunziro: iwo amachepetsa dala mphamvu ya injini n'kumufunsa wophunzira kuti injini itafadi angatere pati. Wophunzira amasankha malo, amatsikira pomwepo, ndipo akatsala pang'ono amakweranso, osagunda pansi. Lero, anatero, dzuwa latentha kwambiri moti ndege imatsika msanga kuposa masiku onse, iwo anachedwa kulamula zokwera, wophunziranso maso anali pa agalu amene amathamangira kutsogolo kwake.

"Musadandaule, aphunzitsi," anatero alamu anga. "Takhala tikukuitanani mwezi wathunthu. Lero mwalimba mtima, mwalowa m'nyumba. Kungoti mwalowera kubafa."

Anthu anaseka, aphunzitsi nawonso anaseka, koma mtsikana uja sanadzutse mutu. Aphunzitsi anayimba foni kwawo, ndipo anauzidwa kuti amakaniko afika madzulo ndi lole. Atayang'ana tayala lija anaona kuti likulowabe pang'onopang'ono. Anafunsa ngati tingathandize kuisuntha ndegeyo kuti ifike polimba, mapazi makumi awiri chabe kuchokera pamene inali. Alamu anga anapinda malaya asanamalize n'komwe kufunsako. Anati ndege ndi ngolo yokhala ndi mapiko basi, ndipo ng'ombe zawo zimalemera kuposa kanthu aka.

Ine ndinali nditayang'ana milomo ya mtsikanayo, inali itauma mbee. Mlendo akafika pakhomo, ngakhale atachita kugwa kuchokera kumwamba, amayamba wamwa madzi. Choncho ndinatembenuka kupita kunyumba. Kuchokera pachidikha kukafika kwathu ndi kamtunda ndithu. Nditafika ndinatunga madzi ozizira a mumtsuko wina n'kuthira m'chigubu, ndinatsuka makapu awiri a alendo amene anali asanagwire ntchito chimwalirire mayi akunyumba, ndinatsukanso kachiwiri chifukwa munali kangaude, n'kuthyola nthochi zinayi. Ndimaganizabe kuti kangaude ameneyo akanakhala kwina, nkhaniyi ikanayenda mwina.

Pobwerera ndinamva nyimbo ndisanaone anthu, nyimbo imene timayimba pokokera bwato kumadzi. Nditayandikira ndinaona amuna anayi atakanikiza mchira wa ndege pansi kuti mphuno idzuke, ena akuitembenuza, alamu anga ali patsogolo akulamula ndi manja onse awiri. Kenako maso anga anafunafuna mphasa yanga kumapeto kwa mzere. Panalibe. Panalibenso mzere. Mphasa zonse za mudzi zinali zitayalidwa kutsogolo kwa ndege, ina pamwamba pa inzake, ngati msewu, monga momwe timachitira ngolo ikatitimira.

Alamu anga si munthu wowononga chakudya. Asanatenge mphasazo analamula kuti pasatayike njere ngakhale imodzi. Anayala lona wawo wamkulu wa pangolo, ndipo mpunga wa munthu aliyense unakhuthulidwa pamenepo, mulu umodzi. Aliyense ananena mabeseni ake kuti adzagawane bwino ntchito ikatha. Amayi, amene akanayang'ana kamodzi kokha n'kuzindikira kuti wapamphasa yakumapeto si mpunga wakudya, anali ku sikimu kokolola. Panali amuna okhaokha, ndipo kwa amuna a kwathu mpunga wosapuntha ndi mpunga basi.

Ndinaima ndi chigubu m'manja. Koma ndinadzilimbitsa. Mphasa yanga inali yakumapeto, ndiye kuti inakhuthulidwa pomalizira, ndiye kuti mbewu yanga ili pamwamba pa mulu. Ndipo zinalidi choncho. Ngakhale ndili patali ndinkaona nsonga ya muluwo ikufiirira ndi tindevu tija. Ndinangofunika kufika, kuvula malaya, n'kuikokolera m'menemo. Ndinayamba kuyenda mofulumira monga mawondo anandilolera, madzi akukhutukira m'miyendo.

Nthawi yomweyo aphunzitsi, ataona kuti tayala lakwera pamphasa, anayang'anitsitsa chifani chija, anachisisita, n'kupeza kuti sichinagunde pansi. Anauza anthu kuti achoke kutsogolo, iwo akwere alize injini kuti ndege idzithandize yokha. Anthu anamvera, onse anachoka kutsogolo n'kukaima kumbuyo. Aphunzitsi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Kumbuyo, kumene lona anayalidwa moyang'anizana ndi mchira, sanayang'aneko. Ifenso palibe ankadziwa kuti kanthu kakang'ono ngati kameneko kamasunga chimphepo chotere kumbuyo kwake.

Injini italira, zipewa zinayamba kunyamuka. Chipewa cha alamu anga chinapita chakunyanja ndipo mpaka lero sichinabwerere. Fumbi linatiphimba, wina anagwa chagada, lona anadzuka mbali imodzi n'kuyamba kukupiza. Ndinaona ndi maso anga nsonga yofiira ija ikuuluka ngati dzombe, n'kumwazika pachidikha ponse, n'kumagwera m'ming'alu. Ndege inayenda pamphasa paja mwaulemu, inafika polimba, injini n'kuzima. Anthu anawomba m'manja, ena kuimba mluzu. Kenako anatembenuka n'kuona mulu.

Eni mpunga anayamba kudandaula onse nthawi imodzi, koma atayang'anitsitsa anapeza kuti wawo wambiri ulipo, chifukwa unali pansi. Umene unauluka ndi wapamwamba. Alamu anga anabwera kwa ine akupukuta fumbi m'maso, akumwetulira ngati munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

"Alamu, kanu kanali kabeseni kamodzi, eti? Musade nkhawa. Ndikupatsani awiri, wina wa chipepeso."

"Unali wa mumtsuko uja," ndinatero.

Anandiyang'ana. Iwo anakulira mpunga umenewo, mayi awo ndi amene anawoloka nawo nyanja. Anakweza dzanja kuti avule chipewa, monga timachitira pamaliro, n'kupeza kuti kumutu kulibe kanthu. Dzanjalo linakhala pamutupo nthawi yaitali. 

Nkhani inawafika aphunzitsi. Anabwera manja ali kumbuyo n'kunena kuti mawa lomwelo atumiza thumba lathunthu la mbewu yabwino ya kusitolo, yobereka kwambiri. Ndinawathokoza, n'kuwapatsa madzi amene anatsala m'chigubu, chifukwa ndi amene ndinapitira. Mtsikana uja anamwa kapu yake, kenako anandifunsa mwaulemu kuti mbewuyo imaoneka bwanji. Ndinapeza njere imodzi itakodwa pa kolala ya malaya anga, ndinamuonetsa. Anaiyang'ana, anazula kapini m'tsitsi mwake, anagwada pafumbi ndi malaya ake oyera aja, n'kuyamba kutokosa m'ming'alu.

Posakhalitsa mudzi wonse unagwada. Amene anadutsa patali tsikulo ayenera kuti anaganiza kuti tayambitsa mpingo watsopano wopembedza ndege. Aphunzitsi nawonso anagwada, ngakhale kuti mimba inkawatsekereza kuona pamene zala zikugwira, ndipo podzuka pankafunika anthu awiri. Koma ming'alu ya Chilwa ndi yakuya, dzanja limalowa mpaka m'chigongono osafika pansi. Mpheta zimene ndinaziingitsa m'mawa wonse zinabwera ndi abale awo. Pamene lole inkafika, zimene tinatola zinangokwana theka la kapu imodzi ya alendo ija, ndipo zina mwa izo zinali za mpunga wa eni ake.

Asanakwere lole, aphunzitsi ndi wophunzira wawo anaima pamaso panga, alamu anga ali chapambali.

"Bambo, talakwa. Mutikhululukire," anatero mtsikanayo.

"Ndamva, mwananga," ndinayankha.

Sindinawonjezere. Anadikira pang'ono, kenako anapita. Sindine munthu wokalipa, koma sindithanso kupereka chinthu chimene ndilibe, ndipo tsikulo mumtima mwanga munalibe chimene ankapempha.

Milungu yotsatira ndinakhala woweruza milandu wopanda bwalo. Ndikamalima kuseri kwa chitsime ndinkayitana olakwa mmodzimmodzi m'mutu mwanga. Ndinkayamba ndi mtsikana, koma iye anali wophunzira, ndipo wophunzira amene salakwitsa ndiye kuti sakuphunzira. Ndinkapita kwa aphunzitsi, amene anachedwa kulamula n'kuiwalanso kuyang'ana kumbuyo, koma mpunga pamenepo sanauike ndi iwo. Ndinkafika kwa alamu anga, koma iwo anasakaniza mpungawo pofuna kuusamala. Agalu ndinawazenganso mlandu, kangaude yemwe. Pomalizira ndinkafika kwa munthu wina amene anayanika chuma chake pagulu osauza aliyense, ndipo ndikafika pamenepo ndinkaimitsa bwalo n'kupita kukamwa madzi.

Kutchalitchi n'kumene zinkandivuta kwambiri. M'pemphero limene tonse timanenera pamodzi muli mzere wina wonena za kukhululukira anzathu. Ndinapezeka kuti tikafika pamenepo ndikutsokomola. Lamulungu loyamba ndinati ndi fumbi la ndege. Lachiwiri mayi wina wokhala kumbuyo kwanga anandipatsa switi ya chifuwa. Mumtima ndinali nditakonza kale pangano langa: ndidzafesa zimene zatsalazo, zikamera ndidzawakhululukira onse, zikapanda kumera tidzaona. Ndinkaliona ngati pangano lanzeru.

Alamu anga sanabwere kudzapepesa ndi pakamwa. Anayenda nyumba ndi nyumba kwa onse amene mpunga wawo unali pa lona paja, n'kuwapempha kuti asapunthe kaye. Masana aliwonse ankafika pakhonde panga ndi lichero lodzaza, atavala magalasi a akazi awo a mafelemu ofiira, n'kuyamba kusankha njere imodziimodzi. Akapeza ya kandevu ankaiika m'kachitini. Sankalankhula, wailesi sankabwera nayo. Munthu amene mudzi wonse unkamupempha kuti apumeko pakamwa anakhala chete milungu itatu, ndipo ndinadabwa kupeza kuti chilangocho chikundipweteka ine kuposa iwo. Tsiku lina ndinawafunsa dala za ng'ombe yawo yotsimphina kuti mwina ayambe nkhani. Anangoti ili bwino, n'kupitiriza kusankha.

Ndege ija inasowa kwa kanthawi. Itayambanso kubwera inkadutsa m'mwamba kwambiri, osatsika, ngati munthu wodutsa pakhomo pamene anaswapo mbale.

Loweruka lina chakumapeto kwa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana chaku Mulanje, ndinaona anthu awiri akubwera wapansi kuchokera kumsewu. Sindinawazindikire msanga chifukwa anavala ngati anthu wamba, mtsikana uja atamanga chitenje. Galimoto anaisiya kusukulu, poti aphunzitsi anati sakufunanso kuyesa dothi la kwathu ndi tayala lamtundu uliwonse. Alamu anga anali pakhonde ndi lichero lawo. Titapatsana moni, mtsikanayo anatulutsa kabotolo ka mankhwala m'chikwama n'kundipatsa ndi manja awiri.

Anafotokoza kuti ndege itafika kwawo anapatsidwa ntchito yoitsuka, monga chilango chake. Matope amene anamatirira kumatayala anali ndi njere zimene zinatsalira m'mphasa zija. Sanawataye matopewo. Anawakokolera m'ndowa, anawasungunula ndi madzi, n'kuwasefa ndi sefa ya tiyi ya kuofesi, anzake akumuseka kuti wayamba kufuna golide. Zimene anapeza anaziyanika pawindo la chipinda chake. M'kabotolomo munali njere zosadzaza supuni, koma zonse zinali za kandevu, panalibe yachilendo ngakhale imodzi.

Aphunzitsi anawonjeza kuti mlungu womwewo mtsikanayo anauluka yekha koyamba, popanda iwo pambali pake, ndipo anatera bwinobwino.

"Kangati?" anafunsa alamu anga, maso ali palichero.

"Kamodzi, bambo."

"Mwabwerera m'mbuyo, chemwali. Kwathu kuno munatera katatu ulendo umodzi."

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira pakamwa, aphunzitsi anaseka mimba kugwedezeka, ndipo alamu anga anandiyang'ana chamchibisira pamwamba pa magalasi ofiira aja kuti aone ngati nthabwala zaloledwanso pakhomo pano.

Tinaphatikiza zonse m'mbale imodzi: za m'kapu, za m'kachitini, za m'kabotolo. Zinangophimba pansi pa mbaleyo. Ndinali nditakonza kale kanazale pafupi ndi chitsime, kakang'ono ngati chitseko, ndipo ndinaona kuti palibe chifukwa chodikira tsiku lina. Tinapita tonse anayi. Alamu anga anasalaza dothi ndi dzanja, ine ndinafesa, mtsikanayo anawaza dothi lopyapyala pamwamba monga ndinamuonetsera, aphunzitsi anatunga madzi n'kuthirira mosamala kwambiri, atayamba ayang'ana kumbuyo kwawo. Tinaphimba ndi udzu chifukwa cha mpheta.

Inamera patapita masiku asanu ndi limodzi, osati yonse, mwina theka. Inakwana mizere yochepa chabe, ndipo chaka chimenecho sindinadyeko ngakhale njere imodzi, yonse inabwerera mumtsuko. Pokolola ndinalowa m'kamundako ndi kampeni ka mayi, n'kupeza kuti kusankha ngala n'kovuta kuposa momwe ndinkaonera ndili pamthunzi. Kunanditengera masiku atatu.

Koma Loweruka limenelo zonsezi sitinkazidziwa. Tinaima mozungulira kadothi konyowa kophimbidwa ndi udzu, ndipo panalibe amene akanalonjeza kuti mbewu yogona nyengo ziwiri, youluzika ndi ndege, yopondedwa ndi matayala, yosefedwa ngati tiyi, ingatulutse kanthu. Ndinapempha kuti tipemphere, monga ndimachitira ndikafesa. Nditatseka maso ndinakumbukira pangano langa lija, ndipo ndinachita manyazi. Ndinaona kuti ndimafuna Mulungu ayambe wandibwezera mpunga, kenako ine ndimvere. Anthu atatu amene anaima nane anali atachita zonse zimene manja a munthu angachite, ndipo kumera kwa mbewu sikunali m'manja mwawo.

Pemphero linali lalifupi. Titanena ameni ndinawauza kuti mawu amene anandipempha pachidikha paja ndawapeza tsopano, ngakhale ndachedwa nawo. Aphunzitsi anandigwira dzanja ndi manja awo awiri onyowa, mtsikanayo anawerama pang'ono, alamu anga anavula magalasi a akazi awo n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya amatope.

Ndinawakhululukira onse atatu.